Loweruka la mpira mu Lilongwe: wotchi, magetsi ndi thumba

Adimini: Moni nonse. Mwezi uno talandira achinyamata angapo amene angoyamba kumene ntchito mu Lilongwe muno, ena achokera ku Blantyre, ena ku Mzuzu ndi ku Zomba. Aliyense wafunsa mwa njira yake koma funso ndi limodzi: munthu wodikira malipiro a pamwezi, wokhala nyumba ya lendi, wopanda galimoto, angautsate bwanji mpira wa kuno ndi wa kunja popanda kufika pa 15 ali wouma? Akuluakulu thandizani. Zonyozana za matimu muzisunge kaye, lero tikufuna nzeru.

Che Noma: Ndiyambe ndi wotchi, chifukwa ndi imene imapusitsa anthu chaka ndi chaka. Kuno nthawi sisintha, koma ku England amabweza mawotchi ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, n'kudzawakankhanso kutsogolo Lamlungu lomaliza la Malichi. Ndiye kuyambira Ogasiti mpaka kumapeto kwa Okutobala, masewero a Premier League oyamba 3 koloko kwawoko kuno amayamba 4 koloko. Kuchokera Novembala mpaka Malichi amayamba 5 koloko. Oyambirira a Loweruka aja, a 12:30 kwawo, kuno ndi 1:30 kenako 2:30. A Lamlungu madzulo, a 4:30 kwawo, kuno ndi 5:30 kenako 6:30. Champions League ndi chimodzimodzi: 9 koloko usiku mu Seputembala ndi Okutobala, 10 koloko kuyambira Novembala mpaka Malichi, kenako 9 koloko kuyambira Epulo.

Izi n'zofunika chifukwa Super League yathu kawirikawiri imayamba 2:30 kapena 3 koloko masana. Ikayamba 2:30, wezulo yomaliza imalira cha m'ma 4:20. Mu Novembala mukhoza kuonera mpira pa bwalo n'kukapezanso wa 5 koloko usanayambe. Mu Seputembala iwalani, chigawo choyamba cha wa ku England chikupitani muli pa chipata. Sankhani umodzi kunyumba, musakasankhire pa bwalo.

Maule 49: Che Noma lero mwalankhula za nzeru, mwina chifukwa sizikukhudza zikho. Kkkk. Pepani adimini.

Kwa obwera kumene, mabwalo ali motere. Bingu National Stadium ili ku Area 48, pakati pa Area 18 ndi Area 49, ndipo imalowa anthu pafupifupi 41,000. Silver Stadium ili ku Area 47, kwawo kwa Silver Strikers, ma Bankers. Civo ili ku Area 9, kufupi ndi tauni yakale. Nankhaka ndi ku Area 30 kwa apolisi, kwawo kwa Blue Eagles. Masewero wamba a ligi pa Civo kapena pa Nankhaka mukhoza kufika theka la ola asanayambe n'kupeza pokhala. Koma Bullets kapena Wanderers ikabwera kudzakumana ndi Silver, kaya ndi fayinolo ya chikho, kaya ndi Flames pa Bingu, mukhale mutalowa maola awiri mpira usanayambe. Vuto si mipando. Vuto ndi zipata: zikatsegulidwa zochepa, anthu onse amafika ola lomaliza, ndipo akumbuyo amakankha osadziwa kuti kutsogolo kwapanikizika. Tisaiwale za pa 6 Julayi 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa poponderezana pa zipata za Bingu zitachedwa kutsegulidwa. Mukaona mzere wasanduka chimulu, tulukamoni cham'mbali mudikire. Makamaka ngati mwatenga mwana.

NaBanda: Ndiwonjezere za pa chipata pomwepo. Tikiti gulani pamalo amene alengeza, ngati akugulitsiratu gulani Lachisanu pochokera ku ntchito. Wina akakukodolani kuti "bweretsani theka ndikulowetseni", dziwani kuti mulibe kapepala m'manja, ndipo akakugwirani mkati mnzanuyo sadzakudziwaninso. Komanso ndalama imeneyo ndi yomwe ikanafika ku timu imene mukuti mumaikonda. Kachiduswa ka tikiti kasungeni mpaka mutatuluka.

Foni m'thumba lakutsogolo, dzanja pamwamba pake nthawi yolowa ndi yotuluka. Opisa m'matumba sagwira ntchito mpira uli mkati, amadikira chigoli, pamene aliyense wakweza manja kukumbatira munthu wosamudziwa. Achemwali, chikwama chikhale chaching'ono chopachika kutsogolo, nsapato zikhale zoti mutha kuthamanga nazo, ndipo za kuchimbudzi muthane nazo mpira usanayambe chifukwa pa hafu taimu mzere wake ndi wina. Madzi tengani a m'botolo la pulasitiki, la galasi amalanda.

Banker wa pa 47: Ndipo jezi muzionera pokhala. Wovala yofiira asakakhale pakati pa a buluu n'kumadumpha yekha chigoli chikalowa. Ngati simukudziwa mbali ya anzanu, jezi ikhale m'kati mwa jekete mpaka mutaona bwino.

Maule 49: Eya. Ndipo woyimbira akapereka penate ya mkangano kutatsala mphindi zisanu, mabotolo n'kuyamba kuuluka, musadikire kuona mathero ake. Utsi wokhetsa misozi ukaphulika pitani kumene mphepo ikuchokera, osatikita maso, sambani ndi madzi ambiri. Kuthamangira pa chipata chimene aliyense akuthamangira ndiko kumapweteketsa anthu kuposa utsiwo.

Mnyamata wa ku 36: Zikomo akuluakulu. Nanga pobwerera? Area 36 ndi kutali ndi Bingu.

Che Noma: Aise, pali njira ziwiri: kutuluka kutatsala mphindi zisanu, kapena kukhala pansi mphindi 20 mpira utatha kuti chigulu chidutse. Choipa ndi kutuluka limodzi ndi aliyense. Akabaza a pa chipata amakweza mtengo nthawi imeneyo, ndiye yendani wapansi mphindi khumi kutalikira bwalo, mtengo umabwerera mwakale. Gwirizanani mtengo musanakwere, funsani chisoti, ndipo wokwezeka awiri pa njinga yamoto imodzi mkaneni ngakhale atsitse bwanji. A ku 36, 23, Kawale ndi Biwi muyenera kudulira m'tauni, ndiye ndi maminibasi awiri. Ndalama ya ulendo wobwerera muipatule m'thumba lina musanagule kanyenya. Ikhale yosinthasintha, kondakitala wa madzulo sakhala ndi chenje, kapena amakhala nayo koma amaiwala dala. Nthawi ya mizere ya mafuta onjezeraniko, mitengo imakwera popanda chidziwitso.

Wamawaya: Tsopano za magetsi, poti ambiri a ife mpira wa kunja timaonera m'nyumba, ndipo magetsi amadziwa kuthima pa mphindi ya 80. Anthu amawononga ndalama zambiri apa chifukwa chogula asanawerenge. Tiwerenge limodzi.

TV ya LED ya mainchesi 32 imadya mawati 40 mpaka 60. Dikoda 15 mpaka 20. Rauta 10. Babu limodzi la LED 7 kapena 9. Zonse pamodzi tinene 90. Batire ya mavoti 12 ya 100Ah pa pepala ili ndi 1,200Wh, kutanthauza mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma ngati ndi ya asidi kapena ya gel musaitsitse kupitirira theka, ndiye zanu ndi 600. Inverter, chipangizo chosandutsa moto wa batire kukhala wa m'nyumba, nayo imadyapo pafupifupi 15 pa 100 iliyonse, zotsala ndi 500 ndi pang'ono. Gawani ndi 90, mupeza maola asanu ndi theka. Amenewo ndi masewero awiri athunthu ndi zokambirana zake. Inverter ya mawati 300 mpaka 500 ikukwana, ya 2,000 ndi kutaya ndalama ngati cholinga ndi mpira.

Zimene zimapha zipangizozi ndi izi. Choyamba, kugula batire ya galimoto. Imeneyo anaipangira kulizira injini kwa masekondi ochepa n'kutchajidwanso pompo, mukamaitsitsa tsiku ndi tsiku imafa miyezi yochepa. Funsani ya deep cycle, yopangidwira kutsika ndi kutchajidwa mobwerezabwereza. Chachiwiri, kulumikizapo ketulo, ayironi kapena hotipuleti, zimene zimadya mawati 1,000 mpaka 2,000. Ketulo imodzi ya tiyi wa pa hafu taimu imazimitsa zonse. Chachitatu, kuisiya batire yopanda moto masiku angapo. Ya asidi ikagona yotsika, mbale zake zam'kati zimachita nkhungu yoyera youma ija ndipo sidzadzadzanso ngati kale. Magetsi akayaka, tchajani tsiku lomwelo. Chachinayi, mawaya owonda pakati pa batire ndi inverter. Ku mbali ya mavoti 12 kumadutsa moto wambiri, waya wowonda amatentha. Akhale wonenepa, wamfupi, ndipo pa waya wofiira pakhale fyuzi pafupi ndi batire. Batire yothira madzi isakhale m'chipinda chogona chotseka mawindo, imatulutsa mpweya woyaka ikamatchajidwa.

Banker wa pa 47: Bwana Wamawaya, nanga za lithium zikutchukazi?

Wamawaya: Ngati thumba likulola, ndi yabwino. Ya lithium ya mtundu wa LiFePO4 mukhoza kuitsitsa mpaka 80 kapena 90 pa 100, ndiye ya 100Ah imagwira ntchito pafupifupi ngati ziwiri za asidi, ndi yopepuka, ndipo kwa munthu wa lendi wosamukasamuka zimenezo si zazing'ono. Koma tchaja yake ikhale yogwirizana nayo. Ndipo chenjerani ndi mabatire olembedwa manambala akuluakulu koma opepuka ngati mkate. Ya asidi ya 100Ah yeniyeni imalemera makilogalamu pafupifupi 30. Mukainyamula ndi dzanja limodzi osatsinzina, ikani pansi muzipita.

Sola: panelo ya mawati 150 pa tsiku la dzuwa labwino imabweza pafupifupi zimene mwadya usiku umodzi. Koma funsani alandilodi musanakhome chilichonse pa denga, ndipo pakati pa panelo ndi batire pakhale charge controller, kachipangizo kowongolera moto wolowa mu batire. Kulumikiza mwachindunji ndi kuphika batire.

China chaching'ono: magetsi akamabwerera amabwera ndi mphamvu yosakhazikika. TV ndi dikoda zikhale pa kachipangizo koteteza kaja kamene kamadikira kaye mphindi zingapo kasanalole moto kudutsa. Mtengo wake sufika n'komwe pa mtengo wokonzetsa TV.

NaBanda: Nthawi ya mvula, Disembala mpaka Malichi, dishi ikataya chithunzi mvula yamphamvu ikugwa musakwere pa denga kukaigwedeza. Ndi mitambo yatchinga, ikadutsa chithunzi chibwerera chokha. Koma ikamataya ngakhale pa kamvula kowaza, ndiye kuti yapendekeka kapena madzi alowa polumikizira waya pa LNB, kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kaja. Muitane wodziwa masana, amange ndi tepi yosalowa madzi.

Mnyamata wa ku 36: Ife a pa foni titani? Bandulo ikutha mpira usanathe.

Wamawaya: Masewero amodzi ndi pafupifupi maola awiri mukaphatikiza kupuma ndi nthawi yowonjezera. Pa chithunzi cha mlingo wa 480p werengerani 1GB mpaka 1.5GB. Pa 720p ndi 2GB kapena kuposerapo. Pa 1080p musayerekeze ndi bandulo ya tsiku. Pa galasi la foni 480p ikuoneka bwinobwino, ndiye lowani m'masetingi muisankhe nokha, mukaisiya pa auto imakwera yokha netiweki ikakhala bwino. Zimitsaninso zoti mapulogalamu azidzikonza okha ndi zoti WhatsApp izitsitsa yokha mavidiyo, chifukwa pa gulu ngati lino chigoli chimodzi chimatumizidwa kasanu. Dziwaninso kuti pa intaneti chithunzi chimachedwa theka la mphindi kapena mphindi yathunthu. Aneba a dishi adzakuwa inu mpira udakali pakati pa bwalo.

Malinki amene amazungulira m'magulu aja, ena akangotsegulidwa amakuuzani kuti muike kapulogalamu kapena mulembe nambala ya foni ndi ya chinsinsi. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money sailemba pa tsamba lililonse la mpira. Ndipo foni kapena laputopu ya ku ntchito musaiyandikitse ku malinki amenewo.

Che Noma: Mpira wa kuno wailesi ikadali mfumu. MBC, Zodiak, Times, onse amaulutsa. Foni zambiri zili ndi FM, mungolumikiza mahedifoni kuti akhale eriyo, osadya bandulo ngakhale pang'ono. Ena amamvera wailesi ali pa bwalo pomwepo kuti adziwe amene wachinya ndi zotsatira za ku Kamuzu Stadium kapena ku Karonga.

Banker wa pa 47: Tifike pa ndalama, chifukwa zonsezi zikuthera pamenepo. Choyamba, bajeti muipange ndi ndalama imene yalowa mu akaunti, osati yolembedwa pa kalata yolembedwera ntchito. Pamachoka msonkho wa PAYE, pamachokanso 5 pa 100 ya penshoni, abwana n'kuikapo 10 yawo. Yotsalayo ndiyo yanu. Tsiku lomwe yalowa, lipirani lendi, gulani mayunitsi a magetsi a mwezi wonse, madzi, ufa ndi makala kapena gasi, patulani ya minibasi ya masiku 22 a ntchito, ya banki mkhonde, ndi ya kumudzi. Mpira ubwere pambuyo pa zonsezo, ndipo ukhale ndi malire ake. Ine ndimati usapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama yofika m'manja. Tinene mwalandira K400,000, ya mpira ndi K40,000, ndipo mmenemo muli tikiti, ulendo, bandulo, sabusikiripishoni ndi chakumwa. Ikani ndalama imeneyo pa nambala ina ya foni. Ikatha, yatha, masabata otsalawo ndi a wailesi.

Chimene chimadya anthu si tikiti. Ndi malo oonerera mpira. Kulowa n'kwaulere koma sungakhale maola anayi ndi botolo limodzi, ndipo pa tebulo la anthu asanu, raundi imodzi ndi mabotolo asanu. Ngati muli anayi kapena asanu okhala dera limodzi, sonkhani phukusi la DStv kapena GOtv limene lili ndi ligi mukuifunayo, dikoda ikhale kwa amene ali ndi batire, aliyense abwere ndi chake chakumwa. Funsani bwino musanalipire, chifukwa si phukusi lililonse limene lili ndi masewero onse, ndipo mitengo imayendera kwacha. Aliyense akukumbukira zimene zinachitika kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023.

Maule 49: Mwazemba nkhani ya kubetcha, a Banker.

Banker wa pa 47: Sindinazembe, ndimaisungira pake. Tengani cholembera. Tikiti ya masewero khumi, ndipo tinene kuti ndinu katswiri, mumalondola 6 pa 10 aliwonse. Kuti onse khumi alowe, chulukitsani 0.6 kakhumi. Mupeza 0.006, kutanthauza kuti matikiti 6 okha pa 1,000. N'chifukwa chake nyimbo ya Lolemba lililonse ndi yakuti "yandidula timu imodzi". Ndipo yang'anani maodi: pa chinthu cha mbali ziwiri zofanana mwayi, amakupatsani 1.90 uku ndi 1.90 uko, osati 2.00. Kusiyana kumeneko ndi phindu lawo, ndipo pa tikiti ya masewero khumi mumalilipira kakhumi. Amene akufuna kubetchabe, ichoke mu K40,000 ija, osati pambali. Chizindikiro choti zafika poipa ndi kubetcha kuti mubweze yomwe yapita, kapena kubetcha ligi ya dziko limene simungaloze pa mapu 2 koloko usiku. Kuchokera pamenepo ndi katapila, wofuna theka lina pamwamba pakutha kwa mwezi umodzi, ndipo chikole chake ndi TV yomwe ija.

Namwino: Poti ambiri muno mumamenyanso wa sosho Lamlungu m'mawa, ndiikepo zanga. Munthu wakhala pa mpando masiku asanu, Loweruka wagona mochedwa, Lamlungu wangotsika kabaza n'kulowa m'bwalo kuthamangitsa mpira woyamba. Mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu umang'ambika pamenepo. Mphindi 10 mpaka 15 zothamanga pang'onopang'ono ndi kutambasula miyendo zimapulumutsa masabata anayi otsimphina. Seputembala ndi Okutobala mabwalo ambiri amauma gwa, ndiye nsapato za mano aatali zisiyeni, zimapotola bondo ndi akakolo. Valani za mano aafupi ambiri. Madzi lita imodzi ndi theka musaisiye kunyumba.

Mukabinya, maola 48 oyamba ndi ayezi wokulunga m'kansalu, mphindi 15 mpaka 20, maola awiri kapena atatu aliwonse, bandeji yomanga mosathinitsa, mwendo pamwamba pa pilo. Osathowa ndi madzi otentha, osalola mnzanu kukoka phazi kuti "libwerere m'malo", zimenezo zimawonjezera kutupa. Ngati simungathe kuponda n'kuyenda mapazi anayi, kapena fupa lenilenilo likupweteka mukalikhudza, pitani ku chipatala akajambule. Wogundana mutu n'kuchita chizungulire kapena kusanza asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo ngakhale anene kuti ali bwino. Khadi la MASM kapena la sikimu ina ya ku ntchito lizikhala m'chikwama cha nsapato. Ndipo tengani kalata ya dokotala, abwana sawerenga tchuthi chodwala popanda pepala.

NaBanda: Adimini, obwera kumenewa asaganize kuti masewero mu mzinda muno ndi Premier League ndi Super League basi. Mpira wa amayi ndi wa manja nthawi zambiri kulowa kwake n'kotsika mtengo, anthu sapanikizana, ndipo mukhoza kutenga ana. Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1 mu fayinolo, Temwa Chawinga anachinya zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024, koma ambiri odziwa mayina a osewera a pa benchi a Arsenal sanapondepo pa masewero a amayi ngakhale amodzi. Sabata imene thumba lapyapyala, pitani kumeneko.

Che Noma: Mwatilasa, achemwali.

Mnyamata wa ku 36: Funso lomaliza. Champions League ya 10 koloko, kuntchito 7:30 m'mawa. Mumatha bwanji?

Maule 49: Imatha cha m'ma 11:50, ndipo mu ndime zochotsana ikapita ku nthawi yowonjezera ndi mapenate ndi kota tu 1. Nthawi imeneyo minibasi kulibe, ndiye ya pakati pa sabata onerani kwanu kapena kwa neba woti mubwerera wapansi muli awiri. Zovala sitani madzulo magetsi adakalipo, madzi osamba tungirani, alamu ikhale patali ndi bedi. A ku 25 ndi 49 olowera ku City Centre kapena m'tauni, mukhale pa siteji isanakwane 6:30, mukachedwa ndi mphindi 15 mudzapeza mzere wa magalimoto wayamba kale. Lachiwiri ndi Lachitatu onse awiri musaonere, sankhani usiku wa timu yanu, winawo mudzaona zigoli m'mawa pa Wi-Fi.

Banker wa pa 47: Ya ku ofesi?

Maule 49: Sindinanene kuti ya kuti.

Wamawaya: Ndaiwala chimodzi pa fyuzi ija, pakuti wina wandifunsa kumbali. Inverter ya mawati 500 pa mavoti 12 imakoka maampu opitirira 40 ikadzaza, ndiye fyuzi ikhale ya 50 kapena 60, ndipo waya akhale wa 16mm. Wa 2.5 wa masoketi a m'nyumba uja ayi.